Titchene, Koma Khungu Lathu Tisaliononge

Lero tikambirana nkhani ya kudzikongoletsa, makamaka mchitidwe wodziyeretsa khungu umene wafala pakati pathu. Funso lathu ndi lakuti, kodi kudzikongoletsa kumalekera pati, nanga kudzida kumayambira pati? Ndikupempha amayi, abambo, anyamata ndi atsikana kuti tonse titchere khutu, chifukwa nkhaniyi ambiri timaikankhira kwa amayi okha chonsecho mizu yake ili m'nyumba ya aliyense wa ife.

Ndiyambe ndi kunena mosapsatira kuti kutchena si tchimo ayi. Munthu akasamba, nadzola, navala chovala chomukhala, ngakhale kayendedwe kake kamasintha, ndipo amalankhula pagulu mopanda mantha. Makolo athu ankazidziwa izi masitolo asadabwere m'dziko muno. Agogo athu aakazi ankakazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa kuti apeze mafuta odzola. Ankatema mphini zokongoletsa kumaso ndi pathupi, ankavala mikanda m'khosi ndi m'chiuno, zibangili m'manja ndi ndolo m'makutu. Amayi a Chiyawo ankadziwika ndi chipini pamphuno. Angoni mpaka lero akamapita ku ngoma amavala zikopa ndi nthenga, ndipo palibe amene amawanena kuti ndi amatama. Choncho mtsikana amene waluka tsitsi ku saluni, wapaka milomo, kapena mnyamata amene wameta bwino n'kupolisha nsapato zake, akungopitiriza zomwe anthu akhala akuchita kuyambira kalekale.

Tisaiwalenso kuti ufulu wovala zomwe munthu akufuna sudabwere mophweka kuno kwathu. M'chaka cha 1973, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kudakhazikitsidwa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo. Amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, moti ngakhale alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asadalowe m'dziko. Lamulo la zovalali lidachotsedwa pambuyo pa referendamu ya mu Juni 1993. Komabe maganizo akewo sadachoke m'mitu ya ena. Mu Januwale 2012 tidaona zamanyazi m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pomwe amuna ena m'misika ankavula amayi pagulu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amayi adasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazi, ndipo Mayi Joyce Banda, omwe panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adali nawo pamsonkhanowo. Mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika nayenso adalankhula kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe afuna. Ndakumbutsa zimenezi kuti pasakhale wina woganiza kuti cholinga changa ndi kulamula amayi za matupi awo. Munthu ali ndi ufulu wosankha maonekedwe ake, ndipo ufulu umenewu ndimaulemekeza.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chalowa m'gulu la zodzoladzola pomwe ndi chosiyana kwambiri ndi zinzake. Duku mumamanga m'mawa, madzulo n'kumasula. Wigi mumavula. Zopaka kumaso zimachoka ndi madzi. Zonsezi zimangowonjezera pathupi lomwe mulinalo kale. Mafuta oyeretsa khungu amagwira ntchito yina: amalowa m'kati kukalimbana ndi chilengedwe cha thupilo. Pitani mumsika wa ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ngakhale pamisika ya pa tsiku m'maboma, mudzapeza timachubu, timabotolo ndi sopo zili mbwee pabenchi, zambiri zochokera kunja, zina zolembedwa m'zilankhulo zomwe wogula sangathe kuwerenga. Ena amagulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook mafuta osakaniza okha kunyumba, opanda dzina, opanda polemba zomwe zili m'katimo. Ogulitsa satchula n'komwe mawu oti kuyeretsa. Amati, "Awa ndi ochotsa ziphuphu, asisi," kapena, "Awa amangowalitsa pang'ono, khungu lizioneka lofanana." Tsopano kwabweranso mapiritsi ndi jekeseni. Ndipo si amayi okha, amuna ena nawonso akudzola mobisa. Vutoli si la kuno kokha. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2011 lidati ku Nigeria amayi 77 mwa amayi 100 aliwonse ankagwiritsa ntchito mafuta amtunduwu.

Tsono tiyeni timvetsetse kaye kuti kuda kwa khungu lathu kumachokera kuti. M'khungu muli timaselo tomwe timapanga chinthu chotchedwa melanin. Munthu wakuda ndi woyera ali ndi timaselo timeneti tochuluka pafupifupi mofanana, kusiyana kwake n'kwakuti ta munthu wakuda timapanga melanin wambiri. Ntchito ya melanin ndi kutchinga mphamvu yoopsa ya dzuwa kuti isaononge khungu. Ndi chifukwa chake mlimi wa ku Chikwawa kapena Nsanje amatha kulima padzuwa la mu Okutobala khungu lake osasupuka. Amene akudziwa bwino kufunika kwa melanin ndi abale athu a khungu la chialubino, omwe matupi awo amapanga melanin wochepa kwambiri kapena sapanga n'komwe. Iwo amayenera kuvala zipewa zazikulu, zovala zamanja aatali, ndi kudzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo tawataya chifukwa cha khansa ya pakhungu. Chitetezo chimene iwo amachisowa, chomwe ena tidabadwa nacho mwaulere, ndicho tikutaya ndalama kuti tichichotse.

Mankhwala omwe amapezeka kawirikawiri m'mafuta oyeretsa khungu ndi amitundu itatu. Woyamba ndi hydroquinone. Ameneyu amaletsa khungu kupanga melanin, ndipo m'masabata oyambirira munthu amaonadi kusintha, anzake n'kumamuyamikira. Koma akamadzola miyezi ndi zaka, makamaka kuno komwe dzuwa ndi lamphamvu, khungu limatembenuka. M'masaya, pamphumi ndi m'khosi mumatuluka mabala akuda bii, okhakhala, oposa kuda komwe munthu ankathawa kuja. Madokotala amatcha vutoli ochronosis, ndipo madokotala a khungu a ku South Africa adalemba za ilo m'chaka cha 1975 ataona amayi ambiri akuda akubwera nalo kuchipatala. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabala amenewa ndi ovuta kwambiri kuchiza. Ambiri amakhala nawo moyo wawo wonse.

Wachiwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, omwe dokotala amalembera munthu wodwala nthenda zina za pakhungu kuti apake pamalo ochepa kwa masiku owerengeka. Koma anthu akuwasakaniza m'mafuta odzola n'kumapaka thupi lonse m'mawa ndi madzulo kwa zaka. Zotsatira zake khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, m'mikono ndi m'ntchafu mumatuluka mizeremizere yosachoka, ziphuphu zimachuluka, zipere ndi matenda ena a pakhungu zimapeza polowera. Bala laling'ono limatenga nthawi kupola, ndipo mayi wotere akafunika opaleshoni pobereka, khungu lake limavuta kusoka ndi kulumikizana. Mankhwalawa salekera pakhungu pokha. Amalowa m'magazi, ndipo angathe kuyambitsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Wachitatu, woopsa kuposa onse, ndi mercury. Dzina la Minamata mwina ena mudalimvapo. Ndi tauni ya ku Japan komwe m'chaka cha 1956 kudadziwika nthenda yolumalitsa ndi kupha anthu, yomwe pambuyo pake idapezeka kuti inkachokera ku mercury amene fakitale ina inkataya m'nyanja momwe anthu ankapha nsomba. Poizoni yemweyo ndi amene amaikidwa m'mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu. M'chaka cha 1972 madokotala ku Nairobi adalemba za atsikana ndi amayi ambiri odwala impso omwe ankadzola mafuta okhala ndi mercury. Kupatula impso, mercury amaononga mitsempha ndi ubongo: munthu amanjenjemera manja, amaiwalaiwala, amasowa tulo. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba, woyamwitsa amapatsira kudzera mumkaka. Ngakhale mwamuna ndi ana omwe sadzola amatha kumutenga kudzera pa thawulo ndi zofunda zomwe amagwiritsa ntchito limodzi. N'chifukwa chake mayiko adagwirizana pangano la Minamata m'chaka cha 2013, ndipo pamsonkhano wa ku Geneva mu 2023 adamanga mfundo yoti zodzoladzola zonse zokhala ndi mercury zithetsedwe pofika 2025. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kabotolo kokongola kaja, kokhala ndi chithunzi cha mtsikana womwetulira, ndi momwemo.

Choipa china n'chakuti ukayamba, kusiya kumavuta. Munthu akangolekeza sabata ziwiri, khungu limayabwa, limatentha, limatuluka zotupa, kenako limada kuposa kale. Amabwereranso kumsika, ulendo uno kukafuna amphamvu kwambiri. Ndalama yomwe ikadagula ndiwo, sopo kapena makope a ana imathera pa kachubu mwezi ndi mwezi. Pamapeto pake nkhope imayera koma timfundo ta zala, zigongono ndi maondo zimakana, ndipo anthu omwe aja ankayamikira poyamba amayamba kuseka, amvekere nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Mayi wotere amatsala yekha ndi manyazi, ndi matenda, ndi ngongole.

Nanga maganizo akuti kuyera ndiye kukongola adachokera kuti? Mbali yaikulu adakula m'nthawi ya atsamunda. Kuyambira 1891 mpaka 1964 dziko lino lidali m'manja mwa Angerezi, ndipo anthu ankasanjidwa potengera khungu: mzungu pamwamba, Mmwenye ndi mkaladi pakati, munthu wakuda pansi. Sukulu, malipiro, malo okhala, zonse zinkatsatira mndandanda umenewu. Ku South Africa, komwe azibambo athu ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi, zinthu zidafika poipa kwambiri mu ulamuliro wa tsankho wa apartheid. Kumeneko kuyererako pang'ono kunkatha kusintha ntchito yomwe munthu angapeze, ndipo malonda a mafuta oyeretsa khungu adakula kwambiri, akulengezedwa m'magazini omwe ankafika mpaka kuno. Koma kumeneko komweko ndi komwe anthu adadzuka. Steve Biko ndi anzake a gulu la Black Consciousness ankaphunzitsa kuti munthu wakuda ayambe wamasuka m'maganizo, asiye kudziona ndi maso a womupondereza. Madokotala ndi omenyera ufulu adagwirana manja, ndipo m'chaka cha 1990 South Africa idaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Dziko la Ivory Coast lidaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda idayamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018. Mu 2020 kampani ya Unilever idasintha dzina la mafuta ake otchuka a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula kuti dzinalo linkaphunzitsa kuti kuyera ndiko kukongola.

Apa tsono ndi pomwe pagona nkhani yanga, omvera. Timakonda kunena kuti amayi odziyeretsa khungu ndi amatama, odzimva, okonda za dziko. Ine ndikuti ayi. Munthu wonyadira thupi lake sangalipake poizoni. Amene amatero ndi munthu yemwe wauzidwa kwa nthawi yaitali kuti momwe alili sakukwanira, mpaka adakhulupirira. Ndipo omuuzawo ndi ife tomwe. Atsamunda adapita zaka zoposa 60 zapitazo, koma mawu awo tidawatola ndipo tikuwalankhula m'Chichewa. Mwana akabadwa, achibale ena amathamangira kuyang'ana nsonga za makutu kuti aone ngati adzade. Pakhomo pakakhala ana awiri, alendo amanyamula woyererayo n'kumati, "Koma mwana uyu ndi wokongola, ngati kamzungu," winayo ali chiimire pomwepo akumva. Pokalipa, mayi amatha kuuza mwana wake yemwe kuti, "Choka apa, chakuda iwe." Kusukulu anzake amamupatsa maina a makala ndi usiku. Akakula amamva anyamata akutamanda atsikana oyera khungu omwe amawatcha ma yellow bone. Akayang'ana makanema a nyimbo, zikwangwani za malonda m'misewu, ngakhale atsikana osankhidwa kulandira alendo pa zochitika zina, amaona kuti oyera ndi amene ali kutsogolo. Akatenga foni kuti adzijambule, foniyo payokha imamuyeretsa nkhope, ndipo chithunzi choyeretsedwacho ndi chomwe anthu amachiyamikira kwambiri pa intaneti. Pakhomo, mwamuna wake akayamba kuyenda ndi mkazi wina woyera, anzake amamulangiza kuti, "Dzikonzeni asisi, banja lingakutherani." Kodi mayi wotere tikamupeza pabenchi ya mafuta aja, tili ndi chifukwa chomuseka? Amene tidamuperekeza kumeneko ndife.

Mawu ndi zomwe mwana amaona zili ndi mphamvu yomanga kapena kugwetsa. Lupita Nyong'o, mtsikana wa ku Kenya amene adapata mphoto ya mafilimu ya Oscar m'chaka cha 2014, adafotokoza pagulu chaka chomwecho kuti ali mwana ankanyozedwa chifukwa cha kuda kwake, ndipo ankapemphera usiku kuti akadzuke atayererako. Chimene chidamuthandiza kusintha maganizo ndi kuona Alek Wek, mtsikana wakuda kwambiri wochokera ku South Sudan, akutamandidwa padziko lonse pa ntchito yoonetsa zovala. Mu 2019 Lupita adatulutsa buku la ana lotchedwa Sulwe lonena za kamtsikana kakuda komwe kadaphunzira kukonda khungu lake. Ngati mwana wa m'banja lophunzira ndi lopeza bwino ngati iyeyu adavutika chonchi mumtima, kuli bwanji mtsikana wa ku Ndirande, ku Mtandire kapena kumudzi kwathu, amene alibe womuuza kuti ndi wokongola?

Tsono titani? Ndiyambe ndi inu achemwali ndi achimwene amene mukudzola mafutawa. Sindikukuweruzani. Pempho langa n'lakuti pitani kuchipatala, ndipo munyamule mafuta omwe mukudzolawo kuti adokotala akaone. Kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madokotala a khungu, ndipo chipatala cha m'dera lanu chingathe kukutumizani koyenera. Ngati mwakhala mukudzola a steroid kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa thupi limafunika kuzolowera pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Pamene khungu likuchira, pewani dzuwa lamphamvu, valani chipewa kapena fundani ambulera. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, uzani anamwino kusikelo mosabisa. Ndipo ngati vuto lanu ndi ziphuphu kapena mabala akumaso, chithandizo chake chilipo kuchipatala. Musalole kuti wogulitsa pamsika akhale dokotala wanu. Mafuta alionse opanda polemba zomwe zili m'kati, asiyeni pomwepo.

Kwa adindo, tili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards loona za ubwino wa katundu, ndi la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority loyang'anira mankhwala. Mankhwala oyenera kuperekedwa ndi chilolezo cha dokotala sakuyenera kupezeka pabenchi pafupi ndi zipeso ndi ndolo. Tikupempha kuti katundu ameneyu aziyezedwa, zotsatira zake zizilengezedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyawo ndi m'zilankhulo zina pawailesi, ndipo m'zipata za dziko monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe mukhale maso. Koma tidziwe kuti kulanda katundu kokha sikungathetse vutoli. Malinga ngati ofuna kugula alipo, ogulitsa adzapeza njira zamseri. Ntchito yaikulu ili m'makomo mwathu.

Inu makolo, samalani pakamwa. Mwana wanu wakuda amve kuchokera kwa inu, asadamve za anthu ena, kuti ndi wokongola ndipo ndi wofunika. Mlendo akayamba kusiyanitsa ana anu potengera khungu, mudzudzuleni mwaulemu pomwepo ana akumva. Inu aphunzitsi, mwana wonyoza mnzake chifukwa cha khungu, kaya lakuda kaya la chialubino, alangizidwe ngati wapalamula mlandu wina uliwonse. Anankungwi, alangizi a m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi inu oyankhula pa bridal shower, pophunzitsa atsikana kudzisamalira muziwauzanso zoopsa za mafutawa, ndipo musamawauze kuti banja limalimba ndi maonekedwe. Oimba, ojambula makanema ndi otsatsa malonda, onetsani Amalawi amitundu yonse ya khungu monga momwe tilili m'misewu. Ndipo inu abambo ndi anyamata, mawu anu ndi omwe akugulitsa mafutawa kuposa chikwangwani chilichonse. Ngati mudakwatira mkazi wakuda, munyadireni pagulu. Musamupatse ndalama yoti akagulire matenda pofuna kukusangalatsani.

Njira zotchenera zomwe siziononga thupi zilipo zambiri. Nsalu ya chitenje ikapita kwa telala waluso imatuluka chovala chomwe palibe wina ali nacho, ndipo ndalama yanu imatsala m'dera lanu lomwe. Wodziwa kusankha pa kaunjika amatchena ndi ndalama yochepa. Tsitsi lachilengedwe, loluka, lometa, wigi kapena duku, zonse ndi zanu kusankha. Khungu lakuda limawala lokha likamasambidwa, kudzozedwa mafuta wamba osasakaniza, ndiponso munthu akamadya bwino, kumwa madzi okwanira ndi kupuma. Sankhani mitundu ya zovala yogwirizana ndi khungu lomwe mulinalo, osati kusintha khungu kuti ligwirizane ndi zofuna za anthu.

Omvera, wakutsina khutu ndi mnansi. Chovala chikang'ambika mudzagula china, koma khungu ndi impso zikaonongeka palibe sitolo yogulitsa zina. Ngati muli ndi mchemwali, mwana kapena mnzanu amene akudzola mafutawa, musamuseke. Khalani naye pansi lero lomwe, mufotokozereni zomwe mwamvazi, ndipo mumuperekeze kuchipatala.